Ndinamangitsa Alamu Anga ndi Nthabwala

Zikomo a pampando, zikomo nonse amene mwabwera. Mundilole ndilankhule chokhala, maondowa anakana kale za kuimirira. Dzina langa ndine Lufeyo, kwathu ndi kuseri kwa Golomoti, kumene msewu wafumbi umatsikira ku madambo. Ambiri mwa inu mumandidziwa ngati mdala uja ankagona m'ngalande tsiku la msika. Zimenezo n'zoona, ndipo gulu lathu lino ndi la anthu ofuna kusiya mowa, choncho sindibisa. Koma kwa ine mowa sunali chiyambi. Ndabwera kudzanena chimene ndinkachikwirira ndi mowawo, makamaka poti kampeni yayandikira ndipo ndikuona ena mwavala kale malaya a zipani.

Nthawi ya chipani chimodzi ndinali mnyamata wapakamwa. Sukulu sindinapondeko, koma kuseketsa anthu ndinkatha. Pa mowa ankandiitana ngakhale ndilibe kanthu m'thumba, chifukwa pamene pali Lufeyo palibe wosinza. Tcheyamani wa nthambi yathu ya chipani anandikonda. Pa misonkhano ndinkayambitsa nyimbo, pa msika ndinkaima pachipata kufunsa makhadi a chipani. Khadilo nthawi zina ndinkaligwira chadodolido, koma panalibe wolimba mtima wondiuza. Ndinkasangalala kuti azibambo aakulu akundivulira chipewa. Sindinadzifunsepo kuti akundivulira chifukwa chiyani.

Ndili ndi mlongo wanga mmodzi, Esinati. Anakwatiwa ndi a Benedito, kalipentala wochokera cha ku Mua, amene anadzakhala kwathu chikamwini. Nkhoswe ya ukwati wawo ndinali ineyo. Alamu angawo anali munthu wa mawu ochepa. Akamapala thabwa ankaimba mluzu, ndipo umenewo ndiwo unali phokoso lawo lonse.

Masiku amenewo sikimu yothirira ya Bwanje kunalibe, mpunga tinkangolima m'dambo. Ukayamba kucha mpheta zinkabwera ngati mtambo, ndiye aliyense ankazika mabango m'munda n'kumangirira zisanza kuti ziziuluzika ndi mphepo. Tsiku lina m'mawa ndikudutsa pa munda wa alamu, ndinaona kuti chimodzi mwa zisanzazo chinali chitenje chakale cha chipani, chimene mlongo wanga anavinira mpaka kung'ambika. Nkhope ya mtsogoleri wa dziko inkaoneka bwinobwino, ikugwedezeka pamwamba pa mpunga.

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinati, "Alamu, mlonda mwalemba ntchitoyu ndi wamkulu zedi. Mukumulipira chiyani?"

Iwo atatembenuka n'kuona, nkhope yawo inagwa. Anati, "Sindinaone, alamu. Ndangotola zisanza m'dengu kusanayere bwino." Anathamanga m'matope, namasula nsaluyo, naipinda n'kuibisa m'malaya. Kenako anandigwira mkono. "Zithere pompano, chonde. Mukudziwa mmene zilili."

Ndinalonjeza. Koma nkhani yoseketsa inkandiyabwa pakamwa kuposa chitedze. Loweruka masana tinali pa mowa wamasese anthu asanu, ndipo ndinaifotokoza. Pofuna kuti ikome ndinawonjezera zanga. Ndinati, "Alamu anga akuti nkhope imeneyo ngakhale mpheta zimaiopa." Mawu amenewo a Benedito sanawanene. Anali anga, ndinawapeka pomwepo chipanda chili m'manja. Anthu anaseka, kenako kusekako kunazima mmodzimmodzi. Nditacheuka ndinaona tcheyamani ataima pafupi ndi nkhokwe.

Patapita masiku awiri anandiitanitsa kunyumba kwake. M'katimo munali azibambo awiri achilendo ovala majekete. Anandipatsa tiyi wamkaka ndi buledi. Mmodzi anandifunsa mofatsa, "Mawu aja ananena ndani, iwe kapena alamu ako?"

Abale anga, ndikanati ndinaganiza nthawi yaitali n'kusankha zoipa, mwina ndikanadzimvetsa. Sindinaganize konse. Pakamwa panangoyankha pokha kuti, "Alamu." M'mutu mwanga ndinkati awalipitsa mbuzi, awakalipira pa msonkhano, basi. Anatulutsa pepala lolembedwa kale, nandigwira chala, nachinyika mu inki n'kuchidinda. Sanandiwerengere, inenso sindinafunse. Ndinamaliza buledi uja n'kutsanzika.

Alamu anawatenga dzuwa lili paliwombo, akupala chitseko cha munthu. Esinati anathamangira galimoto mwana wake Matiyasi ali kumsana. Mmodzi wa azibambo aja anangoti, "Ife talandira kalata." Mawu amenewo ndiwo anandipulumutsa ine, n'kupachika munthu wina.

M'mudzi mwathu munali a Dizimasi, amene munda wawo unkachita malire ndi wa alamu. Chaka chomwecho awiriwa anakanganapo za mzere wa malirewo. Komanso a Dizimasi anabwera ku migodi ya ku Joni ndi cholembera chonyezimira chimene sichinkachoka m'thumba la malaya awo. Anthu anangophatikiza ziwirizo: kalata, cholembera. Amene tinali nawo pa mowa paja anatseka pakamwa, chifukwa kuseka nthabwala ija unalinso mlandu, ndipo onse anapita nacho kumanda chinsinsicho. Mlongo wanga atandifunsa akulira kuti, "Achimwene, inu muli m'chipani, simunamve amene walemba?" ine ndinayankha kuti, "Cholembera chija mumayesa n'cha chabe?"

Alamu anabwerako patatha mvula zitatu. Mano akutsogolo analibe, ankatsokomola magazi, ndipo mluzu uja sunamvekenso. Sanakambe za kumene anali. Anamwalira mpunga usanakololedwe. Pa maliro awo ine ndinaimirira monga nkhoswe, n'kulankhula zakuti Mulungu adzaweruza amene anachita zimenezi.

A Dizimasi dzina lawo linafa, anthu anayamba kuwatchula a Kalata. Ana awo anali ana a kwa Kalata. Akazi awo akafika pa chitsime, macheza ankatha. Mwana wawo wamkazi anapeza mwamuna wa ku Mtakataka, koma akuchimuna atamva mbiriyo anabwerera m'njira. Mwana wawo wina atamwalira, banja lathu lonse silinapite, ndipo mabanja ambiri anatsatira ife. Iwo ankakana, ankalumbira, koma ndani akanamvera Kalata?

Za ine ndifulumira, chifukwa njira yake mukuidziwa. Masese ndinasiya, ndinalowa kachasu, poti masese ankachedwa kundigonetsa. Mbuzi zinatha. Mkazi wanga anapirira zaka zingapo, kenako anandiikira zovala panja. Zipani zitachuluka sindinaphunzirepo kanthu. Aliyense wondipatsa malaya ndi kabotolo ndinkamuimbira nyimbo, ndipo nyimbo zotukwana anthu ndinkazipeka ineyo. Chisankho china ndinavala malaya a zipani zitatu, lina pamwamba pa linzake. Ndinagendapo galimoto osadziwa kuti muli ndani. Ndinagona m'chitokosi kawiri. Sikimu itabwera ndinapatsidwa munda ngati anzanga, koma ndinkaubwereketsa n'kumwera. Ndipo munthu amene ankandidzutsa m'ngalande, kundichapira ndi kundipatsa chakudya, anali Esinati. Ankati, "Achimwene, dzisamalireni. Bambo wa anawa ndinu, wina kulibe." Akatero ndinkapita kukamwa kwambiri.

Zinatero zaka zoposa makumi anayi.

Tsopano ndichepetse liwiro. Pa kalembera wa chisankho chapitachi, mayi wolemba maina anati, "Agogo, bweretsani chala." Fungo la inki ija litandifika m'mphuno ndinatuluka pa mzere n'kukasanza kuseri kwa kalasi. Anthu ankati ndi matsire. Nditamva kuti ku tchalitchi ayambitsa sukulu ya kwacha, ndinakalembetsa. Ndisaname, sindinapite chifukwa cholapa. Ndinkangofuna kuti wina asadzandigwirenso chala.

M'kalasimo munadzaza amayi. Amuna tinalimo awiri okha, ndipo aphunzitsi, mayi wina wa ku Mtakataka amene sankadziwa za m'mudzi mwathu, anati, "Abambo awirinu khalani benchi imodzi." Winayo anali a Dizimasi. Tsitsi lawo linali loyera mbuu, diso limodzi lili ndi ng'ala. Chimwalirire alamu ndinali ndisanakhalepo nawo moyandikana chonchi. Anandipatsa moni, ine ndinayankhira pansi.

Sabata yachitatu tinayamba kulemba maina athu. Ine zinkandiyendera, chifukwa mutu wopeka nyimbo sunachedwe kugwira zilembo. A Dizimasi anafumbata pensulo ndi dzanja lonse, akukanikiza mpaka pepala kubooka.

Aphunzitsi anati, "A Dizimasi, si mpini wa khasu umenewo. Igwireni ngati mukutola nthanga."

Amayi anaseka. Mmodzi anati, "Agogo akulima m'kope, chaka chino tikolola momwemo."

A Dizimasi anayesanso, nsonga ya pensulo inathyoka. Nawonso anaseka, koma kenako anaika pensuloyo pabenchi n'kutambasula dzanja lawo kuti onse alione. Anati, "Aphunzitsi, inu ndinu mlendo kuno. Dzanja ili akuti linalemba kalata yopita ku boma, yomangitsa munthu. Mukawauze anthu a m'mudzi muno mmene likulembera."

Aphunzitsi anafunsa, "Nanga chakubweretsani ku sukulu n'chiyani, agogo, pa msinkhu umenewu?"

Anati, "Cholembera ndinagula ku Joni kuti atsikana azindiyesa kalaliki. Chinauma inki ndisanachitsekulepo. Ndiye ndati ndisanafe ndidziweko kuti kulemba kumene ana anga anazunzikirako kumakhala bwanji."

Sanandiyang'ane ine polankhula zimenezi. Sankadziwa kanthu. Aphunzitsi anasongola pensulo ija n'kunena kuti, "A Lufeyo, inu mwatha kale. Agwireni dzanja anzanuwa, muwayendetse."

Ndinagwira dzanja lawo. Linali louma, lozizira. Tinayenda limodzi chilembo choyamba, mzere wotsika kenako mimba yake. Chachiwiri. Chachitatu. Pomaliza anayandikitsa kope ku diso labwino lija, naliyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Ndiye dzina langa limeneli? Ndinayamba kuliiwala. Zikomo, a Lufeyo. Ndinu munthu wabwino mukakhala kuti simunamwe."

Zoti sanalembe kalata ndinkazidziwa zaka zonsezo. Koma ndinkazidziwa ngati mmene umadziwira kuti ku phiri kuli miyala, osaisenza. Tsiku limenelo ndinaisenza. Ndinatuluka m'kalasi n'kulunjika kwa mayi wogulitsa kachasu, ndinagula, ndinakhala nalo botolo pa mwendo mpaka dzuwa kupendeka, koma sindinamwe.

Mwina ndikanazengerezabe, koma sabata yomweyo ndinakumana ndi Matiyasi pa Golomoti akukonzetsa njinga. Mwana uja anali kumsana tsopano ndi bambo wa imvi zake, ndipo anali wamkulu wa achinyamata a chipani china m'dera lathu. Mwana wamwamuna wa a Dizimasi ali ndi golosale pamsewu, ndipo anapachikapo mbendera ya chipani chotsutsana nacho.

Matiyasi anati, "Amalume, Loweruka tikukatsitsa kansanza kaja ka kwa Kalata. Akalimbalimba, golosaleyo iona moto."

Ndinati, "Walakwanji munthuyo? Mbendera ndi nsalu chabe."

"Inu mukufunsa zimenezo? Bambo wake anagulitsa bambo anga. Anthu amenewo ndi a magazi oipa. Mutipekereko nyimbo, amalume, yoti akaimva atsekule m'mimba."

Ndinamuuza kuti, "Lachisanu m'mawa ubwere kwa amayi ako. Ndili ndi mawu. Ukawamva, Loweruka ukachite zimene ukufuna."

Apa ndiye pali zimene ndinachita, mwina zingathandize wina. Choyamba ndinasiya kumwa masiku atatu athunthu, kuti pasapezeke wonena kuti ukulankhula ndi mowa. Thupi linkagwedezeka ngati ndili ndi malungo, thukuta lili kamukamu. Ndinkamwa thobwa ndi madzi, n'kumakhala pa khonde la akatekisiti kuti miyendo isanditengere kwina.

Kenako ndinapita kwa a Dizimasi nditanyamula tambala, chifukwa wolakwiridwa wamoyo woyamba anali iwowo. Ndinawapeza akuluka mphasa. Ndinakhala pansi pa dothi n'kunena zonse: nsalu, mowa, buledi, chala. Manja awo anaima.

Anati, "Mwana wanga uja tinamuika anthu asanu ndi mmodzi. Dzenje ndinakumba nawo ndekha, ine bambo wake. Inu munali kuti tsiku limenelo?"

Ndinati, "Ndinali pa mowa."

"Tambalayo bwererani naye. Ine sindinanyozedwere kuseri kwa nyumba, ndinanyozedwa pa anthu. Mukanene pa anthu."

Lachisanu ndinapita kwa Esinati. Ankapeta mpunga pabwalo, Matiyasi atakhala pa mpando. Mlongo wanga anati, "Achimwene, mwaoneka bwino lero, mpaka kumeta ndevu. Mwapeza mbeta?" Ndinayamba kulankhula asanamalize kuseka, chifukwa ndikanadikira ndikanathawa. Pofika pa mawu a mpheta aja, lichero linali pansi. Pofika pa chala, Matiyasi anali ataimirira, dzanja lili pa mpini umene unatsamira khoma. Amayi ake anati, "Khala pansi iwe. Sindikufuna kuyenderanso munthu ku ndende."

Kenako anatembenukira kwa ine. Sanalire, sanakweze mawu. Anati, "A Benedito atabwerako ndinawafunsa kuti anakuperekani ndani. Anati, siya, Esinati, ana akufunika malume awo. Ine ndinkayesa akungolankhula za matenda. Ndiye kuti anawawerengera pepala lanulo."

Zimenezo sindinkazidziwa. Munthu uja anakhala nane mudzi umodzi miyezi yonse ija akutsokomola, ndikumudyera mbale imodzi, iye akudziwa.

Esinati anapitiriza, "Malaya mwavalawo ndinachapa ine. Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana mkazi wa a Dizimasi pa chitsime, n'kubwera kudzakuphikirani inu. Mwandichimwitsa. Pa maliro anu ndidzabwera, chifukwa ndi mwambo. Koma muli moyo, pakhomo pano musapondepo."

Lamulungu mapemphero atatha ndinapempha kulankhula panja pa tchalitchi, ndipo ndinanena zomwezi pamaso pa mudzi wonse, a Dizimasi atakhala kutsogolo. Ena anandilavulira malovu pafupi ndi mapazi. Ena amene ankakonda kuitana dzina lija la Kalata anangozemba mmodzimmodzi, poti nawonso anali ndi gawo lawo. Golosale ija sinapse. Matiyasi sandipatsa moni mpaka lero, koma Loweruka lija sanapite, ndipo anzake anawabweza.

Chichitikireni zimenezo sindinalawe mowa. Musaganize kuti chilakolako chinatha. Tsiku la msika sindidutsa njira ya kuseri kwa zigayo, ndimazungulira kumsewu waukulu. Munda wanga wa ku sikimu ndinautenganso, ndikulima ndekha, ndipo kutopa kumandigonetsa bwino kuposa kachasu. Ndimaphika ndekha, ndimachapa ndekha, pa ukalamba uno. Pepala lililonse limene andipatsa ndimaliwerenga mpaka pansi, ngakhale mzere ukhale wautali anthu akung'ung'udza kumbuyo. A zipani anabwera kudzandipempha nyimbo. Ndinawauza kuti nyimbo yotchula dzina la munthu sindipekanso.

Inu amene mwavala malaya a zipani, sindikuti muvule. Ndikungoti akakutumani kukagenda, kukaimba kapena kukanena za munthu, mufunse kuti munthuyo zikamuthera bwanji, ndipo muyankhe nokha musananyamuke. Ine sindinkadana ndi alamu anga. Sindinkadana ndi a Dizimasi. Ndinkangofuna kuti anthu aseke, kenako ndinkangofuna kutuluka m'nyumba ya tcheyamani. Ndipo ngati pali chimene mukuchikwirira ndi mowa, musayembekeze kuti mukachinena akukumbatirani. Mwina mudzataya anthu amene akukusungani. Ine ndinataya.

Mwezi wathawu akazi a a Dizimasi anamwalira. Ndinapita m'mamawa kukathandiza adzukulu kukumba, ngakhale mphamvu zanga ndi zongotulutsa dothi pang'ono. Pobwerera kusiwa ndinapeza anthu atadzaza bwalo lonse mpaka m'munda wa chinangwa. A Dizimasi anakhala pakhonde, akutembenuza mutu uku ndi uku kuti diso lawo limodzi lija lione onse. Kumoto kumene amayi ankaphika ndinaona Esinati, atamanga chitenje m'chiuno, akutakasa mphika wa nyemba. Anagona pamalirowo masiku awiri. Pakhomo pamenepo anali asanapondepo chitengedwere amuna ake.

Nthawi ya chakudya itakwana, adzukulu anakhala pamodzi, ine ndinakhala patali pang'ono pansi pa mtengo wa mango. Mbale zinadutsa, palibe anandiitana. Kenako ndinamva mawu a mlongo wanga akuuza mayi mnzake, nkhope atalozetsa ku mphika: "Apatseni nawonso awo akhala apowo. Akumba nawo."

Sanati achimwene. Anati awo. Ndinalandira mbaleyo ndi manja awiri, ndipo ndinadya.

Mawu anga athera pamenepa, a pampando. Wotsatira abwere.